Nthenda Imene Inatsata Cimanga

Cimanga cimene tidya masiku onse si mbeu ya makolo athu akale. Kwao kwa cimanga ndi ku Mexico, kumene anthu anacilima zaka zikwi zambiri Azungu asanafikeko. Atafika Columbus ku America m'caka ca 1492, amalinyero anatenga mbeuyi kunka nayo ku Europe, ndipo pambuyo pace Apwitikizi anafika nayo ku magombe a Africa. Alimi anacikonda cifukwa ca kubala kwace. Koma m'maiko ambiri m'mene cimanga cinasanduka cakudya cokha ca amphawi, munabuka nthenda yoopsya imene inazunguza madotolo zaka mazana awiri.

Woyamba kulongosola nthendayi anali Gaspar Casal, dotolo wa ku Spain, amene anaiona mwa alimi osauka m'caka ca 1735. Khungu la wodwala linali kupsya ndi kukakala pa malo amene dzuwa liomba, monga pamanja, pamapazi ndi m'khosi. Kenaka munthu anali kutsekula m'mimba, mutu ndi kusokonezeka, ndipo ambiri anatsirizira ku misala kapena ku manda. A ku Italy anaicha nthendayi pellagra, ndiko kunena khungu lokakala. Madotolo ena anati cimanga cofumbwa ciri ndi ululu. Ena anati kuli tizirombo timene tifalitsa nthendayi monga udzudzu ufalitsa malungo.

Codabwitsa ndi cakuti eni cimanga a ku Mexico sanali kubvutika nayo kweni-kweni. Iwo anali ndi mwambo wophika cimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere. Lero tidziwa kuti kuphika kotere kumasula kanthu kofunika m'thupi kamene kali komangika m'njere ya cimanga. Alendo aja anatenga mbeu, koma kaphikidwe kace anakasiya komweko. Akulu anati safunsa anadya phula.

M'caka ca 1912 Casimir Funk, katswiri wa ku Poland amene anali kugwira nchito ku London, analemba kuti m'zakudya muli tinthu tating'ono kwambiri timene thupi silingakhale popanda ito, ndi kuti pellagra iri m'gulu la nthenda zodza posowa tinthuti. Dzina lakuti vitamini linacokera kwa iyeyu. Ganizo lace linali kusowabe umboni, ndipo umboniwo unapezeka kummwera kwa United States, kumene alimi a thonje anali kukhalira ufa wa cimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuci a nzimbe. Kuyambira 1906 kufikira 1940 anthu oposa 3,000,000 anadwala pellagra m'dzikolo, ndipo monga 100,000 anafa.

Boma linatuma dotolo Joseph Goldberger m'caka ca 1914 kuti akafufuze gwero la mliriwo. Poyendera nyumba za ana amasiye ndi za amisala, iye anapenya cinthu cimene anzace sanacisamale. Odwala anali ambiri, koma anamwino ndi anchito amene anali kuwagwira usana ndi usiku anali bwino. Nthenda yopatsirana siingasankhe cotero. Kusiyana kwao kunali m'mbale: anchito anali kudya nyama, mkaka ndi mazira, pamene osungidwawo anali kudya cimanga tsiku ndi tsiku. Tsono pa nyumba ziwiri za ana amasiye za ku Jackson, m'cigawo ca Mississippi, Goldberger anaonjeza mkaka, mazira, nyama ndi nyemba pa cakudya ca ana, ndipo nthenda ija inatha.

Madotolo ambiri anakanabe. Cotero m'caka ca 1915 iye anapangana ndi akaidi a pa ndende ya Rankin, amene analonjezedwa ufulu, kuti adye zakudya za amphawi zokha-zokha. Itapita miyezi monga isanu, 6 mwa akaidi 11 anaonetsa zizindikiro za pellagra. Caka cotsatira iye, mkazi wace ndi anzace ena anadzipereka okha: anabayidwa magazi a odwala, ena nameza nkhanambo za khungu la odwala zosanganiza ndi ufa, koma panalibe anatenga nthendayo. Ngakhale zinatero, akulu ambiri a kummwerako anaipidwa naye, pakuti kunena kuti nthenda icokera m'cakudya kunali kuulula kuti anthu ao ali pa umphawi.

Goldberger anapezanso kuti yisiti, imene inali yosakwera mtengo, iciza pellagra, ndipo mtsinje wa Mississippi utasefukira m'caka ca 1927 yisiti inagawidwa kwa osowa. Iye anamwalira m'caka ca 1929 asanadziwe dzina la kanthu kaja. Anakatulukira ndi Conrad Elvehjem wa ku Wisconsin m'caka ca 1937, pociza agaru odwala nthenda yofanana nayo. Lero tikacha niacin, kapena vitamini B3. Atayamba kuthira vitaminiyu mu ufa ndi m'buledi, ndiponso anthu atayamba kupeza zakudya zosiyana-siyana, mliri uja unazirala.

Nkhaniyi itikhudza ifenso odya nsima. M'caka ca 1912 dotolo Hugh Stannus analemba za pellagra imene anaiona mwa akaidi a ku Zomba. Ndipo m'caka ca 1990, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anali m'misasa ku Malawi, nsawa zimene anali kulandira zinaleka kufika, natsala ndi ufa wa cimanga ndi tindiwo tocepa. M'caka cimeneco oposa 17,000 anadwala pellagra. Apa tiona nzeru ya amai athu otendera ndiwo, pakuti nsawa ziri ndi niacin wambiri, monganso nsomba ndi nyama. Nsima ipatsa mphamvu, koma zimene nsima isowa zipezeka m'mbale ya ndiwo.

Masiku ano bvuto lomwelo labvala nkhope yina, makamaka m'matauni. Wacinyamata akalandira malipiro ace oyamba athamangira buledi woyera, zokazinga m'mafuta ndi zakumwa za shuga. Zakudya zotere zidzaza mimba ndi kunenepetsa thupi, koma mavitamini muli ocepa. Cotero munthu angathe kukhala wonenepa ali wosowabe zofunika m'thupi mwace. Kwathu kunenepa kunali cizindikiro ca ulemerero, koma kunenepa kopitirira kukokera munthu ku nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Ena ayesa kuti mibulu ya mavitamini ya m'masitolo ingakonze zonsezi. Mibuluyo iri ndi nchito yace pamene a cipatala aona kusowa, monga kwa amai apakati ndi ana aang'ono. Ndipo pofuna kuteteza ana, dziko la Zambia linayamba kuthira vitamini A mu shuga m'caka ca 1998. Koma mbulu sucotsa mafuta m'thupi, ndipo vitamini A akacuruka aunjikana m'ciwindi nacibvulaza. Kukhala kwa vitamini mu shuga sikutanthauzanso kuti tidye shuga wambiri.

Inu amene mwatsiriza sukulu, posacedwa mudzayamba kudzigulira cakudya ndi kudyetsa mabanja anu. Ana amasiye a ku Jackson anacira ndi mkaka, mazira ndi nyemba vitamini wao asanapatsidwe dzina. Pogawa ndarama za pamwezi, yambani mwapatula za kapenta, nyemba, nsawa ndi ndiwo zamasamba, ndipo shuga ndi zonona zidikire zimene zatsala.