Nkhondo Ziwiri za Dziko Lonse ndi Moyo wa Kumudzi ku Chisi ndi ku Zomba

Chilumba choyandikana ndi likulu

Chisi ndi chilumba cha pa nyanja ya Chilwa chomwe chili chakumadzulo kwa nyanjayi, m'dera la Mfumu Mkumbira, ndipo anthu amafikako pa bwato kuchokera padoko la Kachulu. Kale chilumbachi chinali pothawirapo anthu amene ankaopa ogwira akapolo, koma moyo wa tsiku ndi tsiku unkadalira khasu ndi usodzi wa matemba, makumba ndi milamba. Kuyambira mu 1891 mzinda wa Zomba unali likulu la boma la atsamunda a ku Britain, komanso n'kumene kunali malo aakulu a asilikali a King's African Rifles, gulu la nkhondo lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo ambiri ankangolitchula kuti Keyala. Motero midzi ya kunyanja inali pafupi ndi pamene malamulo a nkhondo ankachokera, ndipo kuyandikana kotere sikunali mwayi ayi.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba ku Ulaya mu Ogasiti 1914, koma inafika msanga ku Nyasaland, komwe lero ndi ku Malawi, chifukwa dziko lomwe lero ndi Tanzania linali m'manja mwa Majeremani. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma yotchedwa Guendolen inawononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann padoko lina la nyanja ya Malawi, ndipo pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo yoopsa ku Karonga. Nkhondo yonseyi anthu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera dzina la mfuti yolavula zipolopolo zambiri motsatizana.

Amtengatenga

Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, koma amene anasenza nkhondoyo pamutu anali amtengatenga, ndiye kuti anthu onyamula katundu wa asilikali, omwe anali pafupifupi 200,000 m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Chifukwa chake n'chakuti kumalo ankhondo kunalibe njanji kapena misewu yabwino, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Katundu akatsika sitima ya pamtunda ku Limbe ankadzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, kenaka ankakwera sitima za pamadzi. Koma kuchokera kugombe kupita kumene asilikali anali, ufa, mpunga, zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pamitu ya anthu. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa makilogalamu 25 kapena kuposerapo, ndipo popeza iyenso ankayenera kudya panjira, ulendo ukatalika pankafunika amtengatenga ena onyamulira anzawo chakudya. Ichi ndicho chinachititsa kuti boma lisakhute anthu, makamaka kuyambira mu 1916 pamene asilikali a Britain otsogozedwa ndi General Northey analowa m'dziko la Majeremani.

Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama za msonkho, koma mbiri ya njala, kamwazi, malungo ndi chikoti itamveka m'midzi, odzipereka anasowa. Boma linalamula mafumu kuti apereke chiwerengero cha amuna, ndipo amesenjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku. Amuna akathawira kuthengo kapena kumapiri, nthawi zina akazi awo ankagwidwa ndi kusungidwa mpaka mwamuna atadzipereka. Ufumu unavulala kwambiri m'zaka zimenezi, pakuti mfumu yokana inkaopa kulandidwa udindo, pamene yomvera inkadedwa ndi anthu ake omwe.

Otsala pakhomo

M'midzi ya kum'mwera, kumene mwamuna amakhala kuchikamwini, munda ndi wa mbumba ya amayi, choncho amayi sanasowe polima koma anasowa manja. Kuswa mphanje, kufolera nyumba, kumanga nkhokwe, kusema bwato ndi kukoka khoka zinali ntchito za amuna, ndipo zinatsalira amayi, okalamba ndi ana. Pa nthawi yomweyo boma linkafuna chimanga, mpunga, nyemba ndi ng'ombe zodyetsa asilikali, msonkho wa nyumba sunaleke, ndipo okhala m'minda ya azungu ankagwirabe thangata, yomwe inali ntchito yolipirira malo okhalapo. Kwa anthu a ku Chilwa vuto linawirikiza chifukwa m'zaka za 1914 ndi 1915 nyanja inaphwa kwambiri, monga imachitira mvula ikachepa zaka zotsatizana, ndipo nyanja ikaphwa matemba amasowa, omwe ndiwo ndiwo komanso ndalama ya pakhomo.

Liwu la Chilembwe

Mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yomwe sadzapindula nayo kanthu, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaletsa kuti kalatayo ifale. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira azungu a ku Magomero, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale akulowera kumalire a Mozambique. Zifukwa za kuukirako zinali zambiri, monga thangata ndi kulandidwa kwa malo, koma nkhondo ndiyo inafulumizitsa zinthu.

Mathero owawa

Mu Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawolokera ku Mozambique, ndipo mu Ogasiti 1918 anamenyana ndi asilikali a Keyala ku Lioma, dera la Alomwe la kuseri kwa malire. Anagonja pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Mtendere unafika pamodzi ndi fuluwenza, chimfine choopsa chomwe chinapha anthu mamiliyoni padziko lonse, ndipo chinafalikira m'midzi kudzera mwa asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo, n'kupeza anthu atafooka kale ndi njala.

Obwererawo anadza ndi zina zosapha. Magule a beni, malipenga ndi mganda, momwe ovina amaguba pamzere atavala ngati asilikali ndipo amakhala ndi maudindo a usajeni ndi ukaputeni, anafala kwambiri nkhondoyi itatha, ndipo beni amavinidwabe pakati pa Ayao a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi.

Nkhondo yachiwiri

Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 sinamenyedwe pa nthaka ya Nyasaland, ndipo magalimoto anali atalowa m'malo mwa mitu ya anthu. Amuna pafupifupi 30,000 analowa Keyala n'kukamenya nkhondo ku Somaliland ndi kumalire a Kenya mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Ulendo uno ambiri anakopeka ndi malipiro, ngakhale mafumu ankakakamizidwabe kupeza anthu, ndipo gawo la malipiro a msilikali linkatumizidwa kwa mkazi kapena makolo ake kudzera kwa bwanamkubwa wa boma lakwawo, amene anthu ankamutcha DC. Komabe ndalamazo zinapeza m'masitolo mulibe katundu, pakuti sitima za panyanja zikuluzikulu zinkanyamula zida, kotero nsalu, makasu ndi mabulangete zinasowa ndipo mitengo inakwera.

Apa pakuoneka kusiyana ndi maiko olemera. Ku America, dziko lomwe linalowa nkhondoyi mu Disembala 1941, mafakitale a zida anachuluka, ulova unatha ndipo amayi mamiliyoni analembedwa ntchito yolipidwa. Ku Nyasaland kunalibe mafakitale otere, ndipo amayi anawonjezeredwa ntchito popanda malipiro, chifukwa kuwonjezera pa asilikali, amuna ena ambiri anali kale kumigodi ndi kuminda ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa.

Obwerera ndi ndale

Asilikali a nkhondo yachiwiri anabwera ndi ndalama zomwe boma linkawasungira, ena ataphunzira kuwerenga, kuyendetsa galimoto kapena kusoka, ndipo ambiri anagula njinga ndi makina osokera kapena kutsegula timagolosale. Malonda otere sanakhalitse kwa onse, makamaka njala ya 1949 itagwa m'chigawo cha kum'mwera. Bungwe la Nyasaland African Congress linakhazikitsidwa mu 1944 nkhondo ili mkati, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Levi Mumba. Oliyambitsa anali makamaka aphunzitsi, makalaliki ndi abusa, osati asilikali, koma madandaulo a kukwera kwa mitengo ndi kuchepa kwa malipiro anathandiza kuti mawu awo amveke kumidzi.

Mumzinda wa Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a Keyala amene anafa, ndipo mwezi wa Novembala chaka chilichonse pamachitika mwambo woika nkhata za maluwa. Kufupi ndi pomwepo pali nyumba zosungiramo asilikali okalamba, zomwe zili m'manja mwa gulu la nkhondo la Malawi.