Buku la Conrad ndi Anthu Amene Analandidwa Mawu

Mu 1890, Joseph Conrad, mbadwa ya ku Poland ya zaka 32, anakwera mtsinje wa Congo pa kasitima kotchedwa Roi des Belges. Nthawi imeneyo dziko lonse la Congo linali ngati munda wa munthu mmodzi, Mfumu Leopold II ya ku Belgium, yomwe inalitenga mu 1885 n'kumakololamo minyanga ya njovu, kenako mphira. Mudzi ukalephera kudzaza mlingo wa mphira, asilikali ankatentha nyumba, kugwira amayi ngati chikole, ngakhale kudula anthu manja.

Conrad anabwerako ali wodwala, ndipo mu 1899 anatulutsa Heart of Darkness. Nkhanzazo sanazibise. M'bukumo muli amuna asanu ndi mmodzi, unyolo uli m'khosi, atasenza madengu a dothi. Ena agona pansi pa mitengo, atatheratu ndi ntchito ndi njala, akungodikira imfa. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri aphunzitsi a ku Ulaya ndi ku America ankalitama kuti ndi buku lodzudzula utsamunda.

Pa 18 February 1975, Chinua Achebe, mlembi wa Things Fall Apart, anaimirira pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst n'kunena mosapsatira kuti Conrad anali watsankho. Umboni wake unali m'masamba omwewo. Anthu akuda m'bukumo alibe maina. Amakuwa, amavina, amatuzula maso m'mbali mwa mtsinje, koma chinenero chawo chimamveka ngati phokoso chabe. Ine ndikugwirizana naye Achebe. Chisoni Conrad anawamvera, inde, koma ndi chisoni chija munthu amamvera ng'ombe yomenyedwa pangolo. Sanawafunse n'komwe zomwe ankaganiza.

Maganizo amenewa sanayambire m'buku. Mu 1897, zaka ziwiri lisanatuluke, Leopold anabweretsa anthu 267 a ku Congo ku Tervuren, pafupi ndi Brussels, kuti azungu azidzawaonerera m'midzi yongoyerekezera. Asanu ndi awiri anafera komweko, ndipo manda awo alipobe pambali pa tchalitchi. Mu 1958, chaka chomwe buku la Achebe linatuluka, Brussels inaikanso anthu a ku Congo pachionetsero.

Zinatengera imfa ya George Floyd ku Minneapolis mu 2020 kuti ziboliboli zina za Leopold zichotsedwe, ndi kuti Mfumu Philippe ya ku Belgium ilembere Pulezidenti Félix Tshisekedi wa ku Congo kalata yodandaula ndi mabala akale aja.

Koma tsankho lotereli silinathe. Mu May 2023, pabwalo la mpira la Mestalla ku Valencia, anthu ena ankalira ngati anyani pofuna kunyoza Vinícius Júnior, wosewera wakuda wa Real Madrid. Iye sanangowerama. Anapita kumbuyo kwa golo, n'kuloza chala mmodzi wa iwo, masewero n'kuima. Mu June 2024 khoti linagamula atatu kuti akakhale kundende miyezi isanu ndi itatu.