Moyo wa Makolo m'Mbali mwa Mtsinje wa Shire

Mvula yogwa m'mapiri a ku Kasina, m'boma la Dedza, imatsetsereka ndi mtsinje wa Linthipe nikathira m'nyanja ya Malaŵi cha ku Salima. M'nyanjamo madzi amatuluka ndi mtsinje umodzi wokha, ndiwo Shire, umene umatsikira ku chigwa cha Chikwaŵa ndi Nsanje. Kumeneko Amang'anja akale anali kudziŵa kukhala ndi madzi osefukira popanda kuwayesa mdani.

Banja lililonse linkayesetsa kukhala ndi minda iŵiri. Munda wa kumtunda, wotchedwa mphala, ankadzalamo mapira, mcheŵere ndi thonje nthaŵi ya dzinja. Madzi a mtsinje akaphwera ankasiya dothi lachonde, ndipo pamenepo anthu ankatsikira ku dimba kukadzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata. Motero mvula ikavuta, dimba linkapulumutsa mudzi. Madzi akachuluka, mphala inkaupulumutsa. Pa chaka cha njala amayi ankazula nyika m'madambo, pamene abambo ankatchera miono kuti agwire milamba ndi mphende.

Mtsinje unalinso mseu. Bwato losemedwa ku mtengo umodzi linkanyamula nsomba zouma, mchere ndi nsalu zoomba pamanja, ndipo wopalasa ankayenera kudziŵa malo obisalamo mvuu ndi ng'ona. David Livingstone, pokwera mtsinjewu m'chaka cha 1859 pa sitima ya Ma Robert, anaona anthu akupota thonje m'midzi yambiri.

Moyo wotere sunali wa kuno kokha. Ku Thailand, dziko limene kale linkatchedwa Siam, mzinda wa Bangkok unakhala likulu m'chaka cha 1782 m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Anthu ake ankamanga nyumba pa nsanamira zazitali kapena pa ziphaka zoyandama, nagulitsana mpunga ndi zipatso ali m'mabwato m'ngalande zotchedwa khlong. Mseu wa Charoen Krung utatha kumangidwa m'chaka cha 1864, malonda anayamba pang'onopang'ono kusamukira kumtunda.

Ku Shire nakonso zinthu zinasintha. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo ntchito ya mtsinje ngati mseu inayamba kuchepa. Koma chimene chinapweteka kwambiri chinali madzi enieniwo. Kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inali yotsika, ndipo mchenga unatseka potulukira pake, kotero kuti anthu anafutukula madimba mpaka m'kati mwa madambo. Cha m'ma 1935 nyanja itadzazanso, Shire anabwerera mwamphamvu namiza madimba ambiri. Mabanja anatsala ndi mphala yokha, ndipo amuna ambiri anatembenukira ku usodzi kapena kupita kutali kukafuna ntchito.

Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anautsanso funso lakale: kodi anthu a kuchigwa asamuke? Mbiri ikusonyeza kuti makolo sankasankha pakati pa mtunda ndi mtsinje. Ankagwiritsa zonse ziŵiri. Munthu wosamutsidwira kumtunda wopanda njira yobwerera ku dimba lake wapulumuka ku madzi, koma wataya nkhokwe imene inkadyetsa ana ake m'chilimwe.