Kupimitsa maso: Nthawi yoyenera ndi zomwe inshuwalansi imalipira

Anthu ambiri a ku Nsungwi, Kawale kapena Chinsapo amathamangira kuchipatala cha maso pokhapokha diso likafiira kapena kuwawa. Komatu matenda ena oopsa amawononga maso mwakachetechete. Nthenda ya glaucoma imapha pang'onopang'ono mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo, ndipo mtsemphawo ukafa suchiranso. Ikapezeka msanga, mankhwala odontheza m'maso amathandiza kuti isapitirire.

Ndani ayenera kupimitsa?

Odwala matenda a shuga ayenera kupimitsa chaka chilichonse, chifukwa shuga amawononga timitsempha ta magazi ta mkati mwa diso. Amene apitirira zaka 40, komanso amene ali ndi m'bale wodwala glaucoma, azipimitsa pafupipafupi ngakhale akuona bwino. Mwana amene amavutika kuwerenga zapabolodi asadzudzulidwe kuti ndi waulesi asanapimidwe.

Popima, wodwala amawerenga zilembo zapakhoma, kenako dokotala amayeza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuunika mkati mwake. Mankhwala okulitsa kamwanadiso amachititsa kuti munthu aone mwachimbuuzi kwa maola angapo, choncho si bwino kuyendetsa galimoto pobwerera.

Kopita

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere. Wokhala ku Nsungwi angayambire pachipatala cha Area 25, komwe angamutumize ku Lions Sight First Eye Hospital ya pa Kamuzu Central. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma nacho n'chotchuka pa maopaleshoni ochotsa ng'ala.

Nanga inshuwalansi?

Mabungwe monga Medical Aid Society of Malawi ali ndi masikimu osiyanasiyana, ngati Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo phindu lake silifanana. Kawirikawiri ndalama za maso zimakhala ndi malire akeake. Mtengo wa mandala ndi felemu ukapyola malirewo, membala amawonjezera za m'thumba mwake.

Musanapite, funsani bungwe lanu mafunso anayi. Kodi chipatala chomwe mwasankha chili pa mndandanda wawo? Mwatsala ndi ndalama zingati za maso? Pamadutsa nthawi yaitali bwanji kuti akulipirireninso mandala ena? Ngati mwangolowa kumene, muyenera kudikira miyezi ingati?

Mandala ogula pamsika angakuthandizeni kuwerenga nyuzipepala, koma sangakuuzeni ngati glaucoma yayamba. Zimenezo zimadziwika pokhapokha mukapimitsa.