Kodi Chilembwe adamulipirira fizi ndani?

Anzanga a m'gulu lino, mukamawerenga ndalama ya K500 kapena K2000 mumaona nkhope ya John Chilembwe. Ife ogulitsa pamsika timaigwira kambirimbiri pa tsiku, mpaka kuthimbirira ndi madzi a tomato. Koma funso lomwe kusukulu sadatifunse ndi ili: mnyamata wa ku Chiradzulu wogwira ntchito ya m'nyumba adafika bwanji ku koleji ya ku America?

Chilembwe adayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth mu 1892. Booth adali mzungu wosamvana ndi azungu anzake chifukwa cholalikira kuti Africa ndi ya Aafrika. Mu 1897 adatengana ulendo wa ku America. Koma musaganize kuti Booth ndiye adali ndi thumba lalikulu, ayi. Omwe adamunyamula Chilembwe kumeneko adali anthu akuda a mpingo wa National Baptist Convention, kudzera mwa mlembi wawo woona za mamishoni, Lewis G. Jordan. Adamulowetsa pa Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg.

Taganizani bwino apa. Ukapolo ku America udatha mu 1865. Ndiye kuti ambiri mwa omwe ankaponya ndalama m'mbale ya chopereka adabadwira muukapolo kapena adali ana a akapolo. Sadali anthu olemera. Ankadziwa chikoti, ankadziwa kulima munda wa wina. Ndalama yawo siidali yongofuna kuti mwana akhoze mayeso adzapeze ntchito ya muofesi. Ankafuna munthu woti akabwerera kwawo akatukule anzake.

Ndipo adabwereradi mu 1900, nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Adatsegula sukulu, ana ndi akuluakulu omwe nkumaphunzira.

Tsono nkhani ikufika pakhomo pathu. Mukatsika basi pa Namadzi, Magomero sipatali. Kumeneko kudali esiteti ya A.L. Bruce, yomwe ankayang'anira William Jervis Livingstone. Anthu ankagwira thangata, kulima thonje la mzungu ngati lendi ya malo omwe akukhalapo. Matchalitchi omwe anthu a Chilembwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Bwanayo ankadziwa kuti wogwira thangata akadziwa kuwerenga amayamba kufunsa za malipiro ake. Mu November 1914 Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafrika akufera nkhondo yomwe si yawo. Pa 23 January 1915 anthu ake adaukira, Livingstone adaphedwa, ndipo pa 3 February Chilembwe naye adawomberedwa. Boma lidagumula tchalitchi cha ku Mbombwe.

Ena mumatsutsa zakupha zija, ndipo sindikukuletsani. Ine chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti opereka aja sadafooke. Padali mnyamata wina wa ku PIM, Daniel Malikebu, yemwe adatsatira mphunzitsi wake Emma DeLaney ku America. Adaphunzira mpaka kumaliza udokotala pa Meharry Medical College mu 1917. Atafuna kubwera kudzagwira ntchito, atsamunda adayamba amukaniza. Munthu wophunzira ku sukulu za anthu akuda ankamuona ngati moto wina. Adakatumikira ku Liberia, ndipo mu 1926 adaloledwa kudzatsegulanso PIM, mothandizidwa ndi mpingo womwe uja.

Lero mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite timathamangira ku bungwe la ngongole za ophunzira lomwe boma lidakhazikitsa mu 2015, kapena kulemba makalata kwa mabwana a makampani. Mafomu amafunsa mapointi ndi umphawi wa makolo, zomwe nzoyenera. Koma sindimamva mipingo yathu, magulu a banki m'khonde kapena makomiti a m'misika akukambirana zosonkherana kuti atumize mwana mmodzi akaphunzire zamalamulo, adzaimire amayi olandidwa minda. Pamaliro timasonkha msanga ndithu, kabuku kamazungulira msika wonse dzuwa lisanafike pamutu.