Ndalama zosainidwa ndi oimba ochuka: cikumbutso kapena kuononga kwaca?

M'midzi ya mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala m'boma la Chadiza, woimba kapena wovina akasangalatsa anthu amamusupa ndi ndalama. M'maiko ena muli mwambo wosiyana: wokonda nyimbo amapereka ndalama ya pepala kwa woimba kuti asainepo dzina lake, kenaka amaitenga ndi kukaisunga monga cikumbutso.

Mwambo wosaina pa ndalama unafala kwambiri pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Asilikali oyenda pa ndege anali kusainirana pa ndalama za maiko amene anafikako, ndi kuzilumikiza kukhala mkuzi wautali. Oimba amene anali kusangalatsa asilikaliwo, monga Marlene Dietrich, analowanso m'mwambowu. Masiku ano zinthu zosainidwa ndi Elvis Presley kapena gulu la The Beatles zimagulitsidwa pa misika ya okushoni ku Ulaya ndi ku America.

Mtengo wa ndalama yotere sucokera pa nambala yolembedwapo. Ogula amaona kuchuka kwa woimbayo, kusowa kwa siginecha yake, ndi umboni wakuti anasainadi ndi iye. Woimba akamwalira siginecha yake siingaculukenso, ndipo apa m'pamene akathyali amapezera mpata.

Njira imodzi yodziwira cinyengo ndiyo kuyerekeza zaka. Paul Ngozi, katswiri wa nyimbo za Zamrock, anamwalira mu 1989, pamene ndalama za Zambia zinali ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda. Cotero munthu wogulitsa K500 kapena K1,000 ya pulasitiki, imene inatuluka mu 2003, ponena kuti Ngozi anasainapo, akunama. Ceenjezoli n'lofunika popeza zinthu za Zamrock zayamba kufunidwa kunja, makamaka kucokera mu 2012 pamene kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso nyimbo za gulu la WITCH.

Komabe ndalama ndi cuma ca dziko. Kwaca inayamba kugwira nchito pa 16 January 1968, ndipo siginecha yoyenera kukhalapo ndi ya bwanamkubwa wa Bank of Zambia. Bankiyi imalangiza anthu kusalemba pa ndalama, popeza zoonongeka zimacotsedwa msanga ndipo kusindikiza zina kumadya cuma cambiri. Ku Britain lamulo la 1928 limaletsa kulemba pa ndalama za pepala. Kwa mlimi wa ku Chadiza amene wagulitsa soya kapena nshawa, ndalama yolembedwalembedwa ingabweretse mkangano pa sitolo, wogulitsa akaikana.

Wofuna cikumbutso angapemphe woimba kusaina pa cithunzi, pa cikuto ca cimbale, kapena pa ndalama zakale zimene zinasiya kugwira nchito mu 2013, boma litacotsa maziro atatu pa kwaca. Ndi bwino kujambula cithunzi pamene woimbayo akusaina, ndi kulemba tsiku ndi malo pa pepala lina. Cikumbutsoco cisungidwe cosapinda, kutali ndi dzuwa, cinyezi ndi ciswe, kuti ana ndi adzukulu adzacipeze cili cabwino.