Chiperoni cha Kumwamba: Mbiri ya Chakudya cha Milalang'amba

Munthu aliyense amene anakhalapo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo m'miyezi ya June ndi July, pamene mvula ya dzinja inaleka kale ndipo udzu wa kuchigwa cha Shire wayamba kuuma, adziwa chifunga chozizira chija chotchedwa chiperoni, chimene chimakwera mwakachetechete kuchokera ku Mozambique, chopanda bingu kapena mphezi, nichinyowetsa masamba pamodzi ndi madengu a othyola tiyi, kufikira nthaka yakhuta popanda wina kuona mtsinje utasefukira. Ndayamba ndi chifunga chimenechi chifukwa anzeru a zakuthambo, atafunafuna zaka zambirimbiri, afika poganiza kuti milalang'amba, ndiyo midzi ikuluikulu ya nyenyezi yonga uwu umene timauona utayala ngati njira yoyera usiku wopanda mwezi, inaleredwa pa ubwana wake m'njira yoteroyo.

Mbiriyi iyambira m'chaka cha 1923, chaka chomwecho chimene Maclean Kay anakhazikitsa esiteti ya Satemwa ku Thyolo. Mu October wa chaka chimenecho, Edwin Hubble, ali pa phiri la Wilson ku California, anaona nyenyezi yophethira m'kamtambo koyera ka Andromeda, ndipo atayesa kuwala kwake anazindikira kuti kamtamboko si ka m'mudzi mwathu ayi, koma ndi mlalang'amba wina woima pawokha. Mu 1925 mayi Cecilia Payne anaonetsa kuti nyenyezi zinaumbidwa makamaka ndi mpweya wa haidirojeni. M'kupita kwa nthawi panabadwa funso limene mlimi aliyense akadalifunsa: ngati mlalang'amba ubala nyenyezi potapa mpweya m'nkhokwe yake, ndipo mpweya umene uli m'nkhokwemo ungathe m'zaka mabiliyoni awiri kapena kucheperapo, nanga bwanji milalang'amba yonga wathuwu yakhala ikubala kwa zaka zoposa mabiliyoni 10? Ndani amene amadzaza nkhokweyo?

Kuona mpweyawo ndiko kunali kovuta, pakuti suwala monga nyenyezi. Mu 1944, nkhondo ili mkati, Hendrik van de Hulst wa ku Netherlands ananeneratu kuti haidirojeni amatulutsa kamawu ka wailesi ka mafunde otalika masentimita 21, ndipo mu 1951 Harold Ewen ndi Edward Purcell anakamva ku Harvard.

M'zaka za 1977 ndi 1978, Martin Rees, Jeremiah Ostriker ndi Simon White anaphunzitsa kuti mpweya ukamagwera ku mlalang'amba umayamba watentha kufika madigiri miliyoni, nukhala ngati mtambo wozinga mudzi wonse, kenaka nuzizira pang'onopang'ono ndi kugwa, monga momwe mvula yoyamba imadzera kutentha kwa October kutatopetsa anthu ndi ziweto. Chiphunzitsochi chinalamulira nthawi yaitali, ndipo sichinali chabodza, pakuti milalang'amba ikuluikulu imadyadi motero. Koma mu 2005 Dušan Kereš ndi anzake, ndipo mu 2009 Avishai Dekel ndi anzake, poyerekeza kakulidwe ka chilengedwe pa kompyuta, anapeza kuti m'masiku akale, zaka mabiliyoni 10 zapitazo, pamene nyenyezi zinkabadwa mochuluka koposa nthawi ina iliyonse, gawo lalikulu la mpweyawo linkalowa lisanatenthe chotero, likuyenda m'timitsinje tating'ono totsata ulusi wa ukonde waukulu umene ulumikiza milalang'amba. Iwo amati timitsinjeti n'tozizira, komatu mawuwo asatinyenge: kutentha kwake ndi madigiri pafupifupi 10,000, kuposa nkhope ya dzuwa, ndipo atitcha tozizira pongoyerekeza ndi miliyoni ija.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2014 Sebastiano Cantalupo, pogwiritsa ntchito makina a Keck ku Hawaii, anaona mpweya wotambalala mtunda umene kuwala kungayende zaka pafupifupi mamiliyoni awiri, utawalitsidwa ndi muuni woopsa wotchedwa UM287, monga nyali ya galimoto imaonetsera chifunga pa msewu wa ku Makwasa usiku. Mu 2019 Hideki Umehata, ndi makina a Very Large Telescope ku Chile, anaona ulusi weniweniwo ukulumikiza milalang'amba m'dera lotchedwa SSA22, ndipo kuwala kumene kunagwa m'makinawo kunali kutayenda zaka pafupifupi mabiliyoni 12, kutanyamuka dziko lathu lisanaumbidwe. Mlanduwu sunathe, chifukwa kuona mtsinje uli patali ndi chinthu china, kuyesa madzi amene ukuthira m'dziwe ndi chinanso. Koma ine, amene ndaona tiyi akuphuka m'chisanu popanda mvula yamkuntho, sindivutika kukhulupirira.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi n'chakuti ntchitoyi tsopano yafika pakhomo. Mu 2018 dziko la South Africa linatsegula MeerKAT, mbale za wailesi 64 zoyalidwa m'chipululu cha Karoo pafupi ndi Carnarvon, zimene zimatchera khutu kamawu ka masentimita 21 kaja kuchokera kutali, ndipo pamalo pomwepo akumanga makina aakulu koposa otchedwa SKA. Maiko asanu ndi atatu a mu Africa anagwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi, ndipo Zambia ndi Mozambique, anansi athu a kumadzulo ndi kum'mawa, ali pomwepo. Dzina la Malawi palibe. Chikhalirecho pa Ndata, m'boma lomwe lino la Thyolo, pali sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Inu aphunzitsi a m'masukulu a m'maesiteti, ndi inu akuluakulu oyendetsa maphunziro, chiperoni chikayera ndipo thambo likatseguka, tulutsani ana panja muwaonetse mlalang'amba, ndipo amene afunse chimene umadya musamubweze, koma mumtsegulire njira ya masamu yomufikitsa ku Karoo.